Nthungululu Sizilipira Fizi



Sabata ino sindilemba zokoma m'khutu. Ndikudziwa kuti ena mukawerenga mufunsana kuti kodi akatekisiti awalakwira ndani, ndipo ena mundipatsa moni wa m'mbali Lamulungu likudzali. Ndalolera. Nkhaniyi yandikhala pakhosi zaka zingapo, ndipo pa mlandu womwe ndikuimba pano, woyamba kugwada ndine mwini wake.

Chaka ndi chaka, maina a ana osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akatuluka, timachita mwambo umodzimodzi. Pa nthawi ya zolengeza timawaitanira kutsogolo. Amayi amaimba nthungululu mpaka malata kunjenjemera, akwaya amayambitsa nyimbo, bambo mfumu amawawaza madzi odalitsidwa, ndipo wapampando wa tchalitchi khonsolo amawauza kuti atichotsa manyazi ife a kunyanja, amene anthu amati timangodziwa ukonde. Mbale imayenda, timaponyamo tindalama tokwanira basi yopitira. Kenaka timabalalika. Pakatha miyezi itatu, imani pakhomo la tchalitchi mufunse kuti mwana uja akugona kuti, akudya chiyani, fizi walipira kapena ayi. Mudzapeza kuti mwa onse adaimba nthungululu aja, wodziwa yankho ndi mayi ake okha, ndipo nawonso akudziwa theka chabe, poti mwana amabisa zina kuopa kuwadwalitsa mtima.

Khalidwe limeneli takhala tikulitcha umphawi. Ine ndikulitcha tchimo la mpingo wathu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ndiyambe ndi zimene ndidaona ndi maso. M'tchalitchi china cha m'mbali mwa nyanja mudali mtsikana yemwe ndidamuphunzitsa ndekha za Ulimbitso. Bambo ake ndi mlovi pa bwato la munthu wina, mayi ake amayanika usipa pa thandala. Ankawerenga Mau a Mulungu pa Misa mosadodoma. Adakhoza bwino mayeso a MSCE pa sekondale yoyendera yopanda labotale, ndipo adasankhidwa. Tidamuimbira nthungululu monga mwa mwambo. M'chaka chachiwiri adabwerera pakati pa teremu nadzitsekera m'nyumba. Mudzi udayamba kunong'ona. Ena adati ali ndi pakati, ena adati amuchotsa chifukwa cholephera, ena adati ana a masiku ano akalawa tauni mutu umasokonekera. Ine ndidamva zonsezi, ndipo padatha miyezi iwiri ndisanapite kukamuona. Nditafika adandifotokozera mosagwetsa msozi. Ngongole ya boma idamulipirira fizi, koma lendi ya chipinda, chakudya, mapepala ndi intaneti yotumizira ntchito za m'kalasi zidali pakhosi pake. Ankadya kamodzi patsiku. Mwera utawomba masabata angapo bambo ake sadalowe panyanja, ndipo kandalama kochokera kumudzi kadaduka. Padali bambo wina wa galimoto, msinkhu wa bambo ake omubala, yemwe adamuuza mosabisa kuti lendi si nkhani, bola amvane. Adamukana chaka chathunthu. Tsiku lomwe adazindikira kuti mtima wake wayamba kuwerengera, adalongedza katundu nakwera basi yobwerera kwawo. Ndalama zomwe zidamusowa teremu imeneyo zidali zochepa kusiyana ndi zimene tchalitchi chake chidasonkha chaka chomwecho pogula nsalu za chikondwerero cha nkhoswe yathu.

Mwanayu adasunga zimene tidamuphunzitsa pa katekisimu, ndipo ife tidamulipira ndi miseche.

Mtumwi Yakobe, m'mutu 2 wa kalata yake, adadzudzula mkhristu yemwe amaona mbale wake ali pa usiwa ndi njala, namufunira mafuno abwino ndi pakamwa pokha, osamupatsa chofunda kapena chakudya. Chikhulupiriro chotere adachiyesa mtembo. Madzi odalitsidwa ndi opatulika ndipo sindikuwanyoza. Koma tikawaza mwana madzi n'kumutumiza kumalo komwe tikudziwa kuti akakumana ndi njala, osafunsanso za iye, ndiye kuti tachita ndendende zimene Yakobe adaletsa, tangowonjezapo ng'oma.

Gawo lina la vutoli ndi loti ambiri a ife maganizo athu adatsalira m'dziko lomwe lidatha. Makolo athu amakumbukira nthawi yomwe dziko lino lidali ndi yunivesite imodzi yokha, yomwe idatsegulidwa mu 1965. Osankhidwa adali ochepa zedi, ndipo boma linkawagoneka, kuwadyetsa ndi kuwapatsa ndalama za m'thumba. Masiku amenewo nthungululu zidali zokwanira, chifukwa mwana akasankhidwa, katundu ankatsika pamutu pa kholo. Lero zinthu zidasintha. Yunivesite ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Bunda idasanduka LUANAR mu 2012. MUST ku Thyolo idatsegula zitseko mu 2014. Mu 2021 Polytechnic idakhala MUBAS, sukulu za udokotala ndi unamwino zidaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina la UNIMA lidatsalira ku Zomba. Zitseko zachuluka, ndipo tiyamike Mulungu. Koma zipinda zogona sizidachuluke molingana ndi ophunzira, ndipo mbale yaulere ija idachotsedwa. Ambiri amachita lendi kunja kwa mpanda, monga ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu, angapo m'kachipinda kamodzi, akuphika pa mbaula pakhonde. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, la HESLGB, lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 ndipo lakweza ana ambiri osauka. Komabe si onse opempha amalandira, ndipo ndalama ya chakudya siyenda liwiro limodzi ndi mitengo ya pamsika. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Aliyense amene amagula ufa, sopo ndi mafuta ophikira akudziwa zomwe manambala amenewa adachita m'mphika. Mwana wa ku yunivesite amagula pamsika womwewo, alibe munda, alibe bwato, ndipo ali kutali ndi azakhali omwe angamugawire mbale ya ufa.

Kusasamala kwathu kumayamba mwana asanakwere n'komwe basi. Ndani m'parishi muno amakhala pansi ndi mwana wa Folomu 4 kumufotokozera njira zomwe zilipo? Ambiri amadziwa maphunziro atatu okha: udokotala, zamalamulo, ndi uphunzitsi ngati zinazo zakanika. Amadzaza fomu mothamanga pa foni yobwereka, n'kulemba maphunziro omwe akulimbirana ana a mapointi 6 kapena 8, pomwe ake akadamulowetsa bwinobwino pakhomo lina. Mndandanda ukatuluka dzina mulibe, ndiye timati ndi chifuniro cha Mulungu. Tisamusenzetse Mulungu ulesi wathu. Ndondomeko ya kota, yomwe inkasungira boma lililonse malo ena, idabwezeretsedwa mu 2009 ndipo idathetsedwa mu 2020. Kaya mudaikonda kaya mudadana nayo, mwana wa sekondale yoyendera ya kuno akupikisana ndi ana a sukulu zogonera konko za mbiri yakale. Anzakewo ali ndi amalume ndi achemwali omwe adadutsamo kale, odziwa podumpha ndi pokwawa. Athuwa ali ndi ife.

Ndipo taonani zomwe tazisiya pamphuno. Tikukhala m'mbali mwa nyanja yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya mtundu wake padziko lapansi, moti akatswiri amachoka kutali kudzaifufuza. Asodzi onse akudandaula kuti chambo chasowa. Ku Bunda ndi ku Mzuzu amaphunzitsa za nsomba ndi kaweteredwe kake, ndipo ku Mpwepwe ku Mangochi kuli sukulu ya boma ya usodzi. Ndi ana angati a asodzi athu omwe tidawalozera kumeneko? M'boma lathu lomwe lino muli malo ofufuzira za mpunga ku Lifuwu, fakitale ya shuga, doko la Chipoka, mahotela a ku Senga Bay, ndi malo opangira magetsi a dzuwa omwe adatsegulidwa mu 2021. Zonsezi zimafuna anthu ophunzira zaulimi, zamakina, zamagetsi, zowerengera ndalama ndi zokopa alendo. Kawirikawiri akatswiri ake amachokera kwina, ana athu n'kumalondera pageti.

Ku Senga Bay komweko kuli sukulu ya ntchito zamanja, Salima Technical College. Tinene zoona pamaso pa Mulungu: mwana akati akupita kukaphunzira ukalipentala, kumanga, kuwotcherera kapena umakaniko, sitimuitanira kutsogolo. Timamumvera chisoni ngati wogwa m'mayeso. Chikhalirecho denga la tchalitchi likadontha timamufunafuna, ndipo injini ya bwato ikafa mudzi wonse umagona ndi njala kudikira munthu wodziwa sipanala. Bungwe la TEVETA lakhalapo kuyambira 1999, koma m'mitima mwathu digiri yokha ndiyo maphunziro. Ife tomwe pa 1 May timakondwerera Yosefe Woyera Mmisiri, chikondwerero chomwe Papa Pius XII adakhazikitsa mu 1955. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito, adaphunzitsa kuti ulemerero wa ntchito umachokera kwa munthu woigwira, osati ku mtundu wa ntchitoyo. Timapempha kwa mmisiri wa matabwa m'tchalitchi, tikatuluka timanyoza mwana wosankha macheka ndi pulena.

Palinso makomo ena omwe sitiwatchula. Yunivesite ya Katolika, yomwe aepiskopi athu adatsegula ku Nguludi mu 2006, ndi ya DMI ku Mangochi ndi zathu, ngakhale ndi zolipira. Sukulu za aphunzitsi a sekondale zilipo ku Domasi ndi ku Nalikule. Maphunziro ochitira patali alipo kwa amene sangasiye banja kapena ntchito. Ndipo pali chenjezo lomwe kholo lililonse liyenera kumva lisanagulitse ng'ombe kapena munda: si sukulu iliyonse yolemba chikwangwani chachikulu m'tauni ili yovomerezeka. Bungwe la NCHE lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti lizivomereza sukulu za ukachenjede ndi maphunziro ake. Kufufuza ngati sukulu ili pa mndandanda wovomerezeka ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa wodziwa, koma kwa mayi wa kumudzi yemwe sadagwirepo kompyuta ndi phiri. M'parishi muno muli aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, asilikali ndi ogwira ntchito m'boma. Nzeru zilipo. Zimakhala pa benchi limodzi ndi ana ozisowa Lamulungu lililonse, koma sizipatsana moni.

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa ndazimva kale m'misonkhano.

Ena mudzati iyi ndi ntchito ya boma. Zoona, boma lili ndi udindo waukulu, ndipo mkhristu sayenera kuchita mantha kulikumbutsa. Kalata ya aepiskopi yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 idadandaulanso za maphunziro, ndipo ophunzira a ku Chancellor College adali m'gulu la oyamba kuyenda pamsewu poikira kumbuyo aepiskopiwo, nthawi yomwe akuluakulu ambiri ankanong'onera m'zipinda. Mpingo uli ndi ngongole kwa ana a sukulu. Tilankhule ndi aphungu athu, tilembe makalata, tifunse mafunso. Koma mwana wanjala lero sangadikire kuti nyumba ya malamulo ikumane. Ndipo pamene tikuloza boma chala, zala zitatu zikuloza ife. Thumba la ngongole limayenda ngati omwe adakongola akubweza. Alipo akhristu omwe adaphunzira ndi ngongole imeneyi, ali pantchito zaka zambiri, amanga nyumba, amalandira Ukaristia Lamulungu lililonse, koma sadabwezeko ngakhale tambala. Ndalama imene mwaigwira ndi fizi ya mwana wina wa mlovi. Lamulo lachisanu ndi chiwiri silidapatule ngongole za boma.

Ena mudzati ndife osauka. Izi ndiye ndikuzikana ndi mtima wonse. Osauka ndife ndithu, koma onani zomwe umphawi wathu umakwanitsa. Ukwati umodzi umakhala ndi misonkhano ya komiti miyezi itatu, pelekanipelekani wa maola anayi, ndi yunifolomu ya mbali zonse ziwiri. Maliro akagwa madzulo, pofika m'mawa bokosi lapezeka, galimoto yapezeka, ufa ndi nkhuni zafika. Zimenezi ndi zabwino ndipo ndi ulemu wathu. Koma dzifunseni: mwana yemweyu akadamwalira ku sukulu, tikadapeza ndalama yokatenga mtembo usiku umodzi. Bwanji ndalama ya lendi ali moyo imatitengera chaka osaipeza? Timamanga ziliza za matailosi pamene mdzukulu wa wogona pansi pakeyo wabwerera ku sukulu chifukwa cha fizi. Timachita Pepa Sande ya zokuzira mau, ya mpanda, ya galimoto ya parishi. Sindidamvepo Pepa Sande ya ana a sukulu.

Inenso ndine mboni yoti mpingo wosauka umatha kuphunzitsa mwana. Zaka zomwe ndidakhala ku seminale ya Kachebere ndidadya chimanga ndi nyemba za akhristu omwe sadandidziwe nkhope. Palibe tsiku ndidagona ndi njala, ndipo palibe adandiuza kuti mpingo ndi wosauka. Ngakhale sindidafike pa unsembe, zomwe ndikukuphunzitsani lero zidalipiridwa ndi masika a amayi a kumidzi. Tsono ngati timatha kusenza mnyamata wofuna unsembe, chifukwa chiyani mtsikana wofuna unamwino timamusiyira mayi ake okha? Kodi unamwino si maitanidwe? Kodi Eklezia safuna oweruza milandu owopa Mulungu, owerengera ndalama za boma osaba, madokotala olemekeza moyo? Timadandaula tsiku lililonse za katangale m'maofesi, koma ana omwe adzakhale m'maofesiwo timawasiya aphunzire ali ndi zaka 19 kuti padziko pano aliyense amadziwombola yekha. Phunziro limenelo sadzaliiwala akadzakhala pa mpando.

Ndipo tisanamizire kuti anthu a kunyanja sitidziwa kudziletsa lero chifukwa cha mawa. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, asodzi akhala akusunga lamulo lotseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti nsomba ziswane. Amapirira miyezi yopanda phindu chifukwa amadziwa kuti wodya mbewu sakolola. Nzeru yomwe tili nayo pa nsomba tiibweretse pa ana.

Ena mudzati ana a ku yunivesite amatayika, amasiya mpingo, amabwera ndi mwano ndi mafunso onyoza. Alipo otero, sindikana. Koma ndani adawatsatira? Mwana akafika pa sukulu tsiku loyamba, ali yekha ndi chikwama, amakumana ndi magulu osiyanasiyana omwe amamulandira, kumunyamulira katundu, kumusonyeza kogula chakudya chotsika mtengo ndi kumuitanira ku mapemphero awo madzulo omwewo. Amakumananso ndi a mowa, a chamba, a kubetcha pa foni, ndi azibambo a magalimoto aja. Onsewa amamufuna ndipo amamufunafuna. Ife tokha ndi amene timadikira kuti abwere yekha pa tchuthi kuti timuyeze kutalika kwa siketi. M'sukulu zambiri muli magulu a ophunzira achikatolika ndi ansembe owayang'anira, koma sindikukumbuka tsiku lomwe parishi yathu idalembera wansembe wotere kalata yoti mwana wathu akubwera, mulandireni. Tobiti, potumiza mwana wake Tobiya ku dziko lakutali, adayamba wafufuza munthu wodziwa njira woti amuperekeze, ndipo Mulungu adatumiza mngelo Rafaele. Tobiti adali wakhungu ndi wosauka, koma sadatumize mwana yekhayekha. Ife ndi maso athu awiri timatero chaka ndi chaka.

Za mafunso awo, musawaope. Mwana amene waphunzira sayansi kapena filosofi n'kubwera ndi funso lovuta la chikhulupiriro sadatayike ayi, wakula. Chomutaya ndi yankho loti khala chete, usatinyadire ndi sukulu yako. Yunivesite zakale kwambiri za ku Ulaya, monga ya Paris, zidakulira m'manja mwa Eklezia. Mpingo wotere sungachite mantha ndi mwana wa chaka chachiwiri.

Ena, ndipo awa ndikuwamvetsa, mudzati ndalama zikasonkhedwa zidzadyedwa, kapena zidzapita kwa ana a akuluakulu a mpingo okha. Mantha amenewa ali ndi maziko, chifukwa tidaonapo makomiti akusowetsa ndalama, nkhani n'kuthera m'mau oti tikhululukirane. Koma mankhwala a mbava ndi kuunika, osati kugwetsa nkhokwe. Ndalama zisungidwe ku banki, osayinira akhale atatu, fizi ilipiridwe mwachindunji ku sukulu, ndipo malipoti awerengedwe m'tchalitchi miyezi itatu iliyonse monga timawerengera mtulo. Wosankha mwana wothandizidwa ukhale mphakati, chifukwa mphakati umadziwa nyumba yomwe utsi sudafuke dzulo. Pamene Episkopi Patrick Kalilombe adatsogolera dayosizi ya Lilongwe pa msonkhano wa 1973 mpaka 1975 womwe udazika miphakati, cholinga chidali mpingo wodzitumikira ndi wodzidalira. Mphakati womwe umangokumana kuti ugawane ntchito yosesa tchalitchi sudafike pa loto limenelo.

Tsopano nditembenukire kwa inu achinyamata, poti simungatuluke m'bwalo lino opanda mau. Ena a inu mumalandira ndalama ya ngongole n'kugula foni yodula sabata yomweyo. Ena mwamiza ndalama ya chakudya m'kubetcha, n'kumaimbira mayi anu kuti sukulu yafuna ndalama ya mabuku. Mayi amenewo adagulitsa beseni la usipa lomwe adadzukira 3 koloko m'bandakucha. Limenelo ndi tchimo ndipo likufuna kulapa. Ena mumachita manyazi kunena kuti kwanu ndi kunyanja, mumabisa njala mpaka itakugwetserani m'dzenje. Umphawi si mlandu. Mukapanikizika pitani kwa wansembe wa pa sukulu, pitani ku ofesi yoyang'anira umoyo wa ophunzira, imbani foni kwa ife. Mukaona mnzanu wasiya kudya, wasiya kulowa m'kalasi, akudzitsekera m'chipinda, musati ndi zake. Ndipo anyamata, mtsikana wa m'kalasi mwanu amene akuvutika ndi mlongo wanu. Mukamugula ndi mbale ya chipisi mwafanana ndi bambo wa galimoto uja, kusiyana kwake ndi mtengo chabe. Mukabwera pa tchuthi musamangoyendayenda ndi zomvera m'makutu. Pitani ku sekondale komwe mudachokera, mukakhale pansi ndi a Folomu 3 ndi 4, muwauze zomwe inu simudauzidwe.

Zomwe ndikupempha si zakumwamba. Mphakati uliwonse ulembe maina a ana ake onse omwe ali ku yunivesite, ku sukulu za aphunzitsi, za unamwino ndi za ntchito zamanja, ndipo mwana aliyense akhale ndi munthu wamkulu mmodzi, osati kholo lake, womuimbira foni kamodzi pamwezi. Parishi ipatule Lamulungu limodzi pachaka la chopereka cha ana a sukulu, ndipo pa masika thumba limodzi mwa matumba khumi a chimanga ndi mpunga lipite kwa iwo. Asodzi ndi amayi a geni ya nsomba angapereke usipa wouma, womwe kwa mwana wa ku Chikanda ndi ndiwo za mwezi. Zotsatira za MSCE zikatuluka, tikhale ndi tsiku mu holo ya parishi lomwe ophunzira athu akale adzafotokoze njira zonse ndi kuthandiza ana kudzaza mafomu a sukulu ndi a ngongole, chiphaso cha unzika chili m'manja. Mwana aliyense apite ndi kalata ya bambo mfumu yopita kwa wansembe wa komwe akupita. Ndipo tikamaitanira ana kutsogolo, wa ukalipentala aime pafupi ndi wa udokotala, madzi odalitsidwa awagwere mofanana.

Pa msonkhano wa parishi khonsolo ukudzawu ndidzaika nkhaniyi pa mndandanda. Amene mukutsutsana nane bwerani, mudzanditsutse pamaso, ndipo ngati ndalakwitsa ndidzapepesa pa tsamba lomwe lino. Amene mukugwirizana nane musabwere ndi m'manja mowomba mokha.

Mtsikana uja ndidamupepesa. Adandiyankha mwaulemu kuti palibe kanthu, akatekisiti, kenaka adandifunsa ngati mng'ono wake, yemwe ali Folomu 3, tidzamuimbirenso nthungululu. Sindidamuyankhe tsiku lija. Yankho lili ndi inu ndi ine.

Maria Woyera, Mpando wa Nzeru, mupempherere ana athu onse amene ali m'sukulu, makamaka amene agone ndi njala usiku uno. Yosefe Woyera Mmisiri, mutipempherere ife. Amen.

Wanu mwa Khristu,
Katekisiti